Musalipire motherboard musanaone mndandanda wa mapurosesa ake

Anthu ambiri omanga kompyuta ya pa desiki amapunthwa pa mwala umodzi: amaganiza kuti chida chikangolowa pamalo pake ndiye kuti zatheka. Purosesa yakhala bwinobwino mu soketi, RAM yalowa, akanikiza batani, mafani akuzungulira, koma sikirini ili bii. Kenako zimayamba zolozana zala, kaya wogulitsa watipatsa chakufa, kaya chinawonongeka panjira. Kawirikawiri sipakhala chakufa ayi, kungoti purosesa, motherboard ndi RAM zinagulidwa chilichonse pachokha. Kiyi wa nyumba ya mnzanu akhoza kulowa pa loko wanu, chitseko osatseguka. Choncho gulani motsata ndondomeko: purosesa poyamba, motherboard pambuyo pake, RAM pomaliza. Ndipo musanalipire motherboard pali tsamba limodzi la pa intaneti loti muwerenge, limene ambiri amalilumpha chifukwa cha ulesi basi.

Choyamba, lembani dzina lonse la purosesa, mpaka chilembo chomaliza, ndipo dziwani soketi yake. Kwa AMD, ma Ryzen kuyambira oyamba a 2017 mpaka a 5000 amakhala pa AM4, pamene a 7000 ndi 9000 amakhala pa AM5 imene inatuluka mu 2022. Kwa Intel, m'badwo wa 10 ndi 11 ndi wa LGA1200, wa 12, 13 ndi 14 ndi wa LGA1700, ndipo Core Ultra 200S ndi ya LGA1851. Chilembo chomalizacho si chokongoletsa. Purosesa ya Intel yothera ndi F, monga Core i5-12400F, siitulutsa chithunzi payokha, chimodzimodzi Ryzen 5 5600, pamene 5600G imatulutsa. Ngakhale motherboard ikhale ndi polumikizira HDMI, pa purosesa yosatulutsa chithunzi popanda graphics card sikirini sidzaonetsa kanthu.

Chachiwiri ndi chimene chimagwetsa anthu. Soketi imangokuuzani kuti purosesa ikwana. Kuti igwire ntchito pafunika kuti chipset cha motherboard chiilole, komanso kuti BIOS, kapulogalamu kamene kali mu motherboard momwemo kodzutsa zida zonse, kaidziwe. Umboni wake ndi LGA1151. Mapurosesa a Intel a m'badwo wa 6 ndi 7 ndi aja a 8 ndi 9 ali ndi soketi ya dzina limodzi ndipo amakwana mofanana, koma Core i5-8400 siyaka pa motherboard ya chipset cha H110 kapena B250. Imafuna ya gulu la 300 monga H310 kapena B360. Pa AM4 vuto limabwera ndi zaka. B450 inatuluka mu 2018, Ryzen 5000 mu November 2020. B450 ikhoza kuyendetsa Ryzen 5 5600, inde, koma pokhapokha BIOS yake ikhale yatsopano, ndipo motherboard imene yagona m'bokosi pa shelefu zaka zingapo ili ndi BIOS ya tsiku limene inachoka ku fakitale. Nkhani ndi yomweyo pa H610 ndi B660, zimene zinapangidwa m'nthawi ya m'badwo wa 12, mukafuna kuikapo purosesa ya m'badwo wa 13 kapena 14.

Chochita n'chapafupi. Pitani pa webusayiti ya kampani yopanga motherboardyo, kaya ndi ASUS, MSI, Gigabyte kapena ASRock, lembani dzina lake lonse, tsegulani gawo la Support, mupeze mndandanda wotchedwa CPU Support. Fufuzani purosesa yanu ndi dzina lake lenileni, osati yofanana nayo. Ikapanda kupezeka, isiyeni motherboardyo ngakhale itchipe bwanji. Ikapezeka musafulumire kusangalala: yang'anani kumapeto kwa mzerewo, pamene palembedwa nambala ya BIOS imene purosesayo inayambira kuloledwa. Lembani nambalayo papepala. Ma motherboard a Gigabyte amakhalanso ndi kalemba kakang'ono pakona, monga Rev. 1.0 kapena Rev. 2.0, ndipo mtundu uliwonse ukhoza kukhala ndi BIOS yakeyake, choncho onetsetsani kuti tsamba limene mukuwerenga ndi la umene mukugulawo. Mukatero funsani wogulitsa kuti mu motherboard imene ili m'bokosiyo muli BIOS nambala yanji. Mndandanda umanena zimene motherboard ingathe, nambala ya BIOS imanena zimene ikutha lero. Ngati simunaziyerekeze nambala ziwirizi, simunafufuze kanthu.

Wina anena kuti BIOS ndi yosavuta, ndikaisintha ndekha kunyumba. Musinthira pati kompyuta isakuyaka? Mwa njira ya nthawi zonse, kusintha BIOS kumafuna kuti makina adzuke, ndipo kuti adzuke pafunika purosesa yakale imene BIOS yakaleyo ikuidziwa. Ndiye muyambe kuyendayenda kubwereka purosesa. Chopulumutsira ndi kabatani kamene kamakhala kumbuyo kwa ma motherboard ena, kotchedwa USB BIOS Flashback kwa ASUS, Flash BIOS Button kwa MSI ndi Q-Flash Plus kwa Gigabyte, kamene kamalola kusintha BIOS kuchokera pa flash popanda purosesa. Otchipa ambiri alibe kabatanika, ndiye onani chithunzi cha kumbuyo musanagule. Ndipo kuno kwathu kumene magetsi amathima osatsanzika, musayerekeze kusintha BIOS popanda UPS kapena inverter, chifukwa akathima ntchitoyo ili pakati motherboard ikhoza osadzukanso. Winanso anena kuti wogulitsa wanditsimikizira kuti zigwira. Mwina akunena zoona, koma ambiri amangoona soketi ngati inu nomwe. Ngati shopu ili pafupi, aiyatse pamaso panu. Ngati katundu akuchokera ku Johannesburg, Dubai kapena China, kumubweza kukhoza kudya ndalama zoposa mtengo wake, choncho akutumizireni chithunzi cha bokosi kapena cha BIOS yomwe musanatumize ndalama.

Chachitatu ndi RAM, ndipo imasankhidwa potsata motherboard. AM4 ndi LGA1200 zimalandira DDR4, AM5 ndi LGA1851 zimalandira DDR5 yokha. Msampha uli pa LGA1700: purosesa imatha zonse ziwiri, koma motherboard imakhala ya DDR4 kapena ya DDR5, ndipo mayina amasiyana pang'ono kwambiri. Kawirikawiri dzina lina limathera ndi DDR4 kapena D4, linzake lilibe mawuwo. DDR4 ndi DDR5 za pa desiki zonse zili ndi timapini 288 ndipo n'zotalika mofanana, koma kampata ka m'munsi kali pamalo osiyana. Ikakana kulowa musaikakamize, muthyola siloti. Zija zoti RAM ndi RAM zisiyeni. Yaifupi ya laputopu, SO-DIMM, siilowa n'komwe, ndipo DDR4 ya m'maseva yolembedwa Registered kapena RDIMM, imene imagulitsidwa motchipa pa zida zakale, imalowa koma makina sayaka.

Gulani RAM ziwiri za m'paketi imodzi, monga ziwiri za 8GB m'malo mwa imodzi ya 16GB, kuti purosesa izitunga mbali ziwiri nthawi imodzi. Pa motherboard ya masiloti anayi, nthawi zambiri zimalowa mu A2 ndi B2, yachiwiri ndi yachinayi kuchokera pa purosesa; kabuku ka m'bokosi kamanena. Liwiro lolembedwa pa paketi nalo silibwera lokha. DDR5-6000 imayamba pa 4800 kapena chapompo mpaka mutatsegula XMP kapena EXPO mu BIOS, ndipo H610 siilola kupitirira malire amene Intel inaika, ndiye kuigulira RAM yothamanga kwambiri n'kutaya ndalama. Ena amalimbikira kuti RAM iyenera kupezeka pa mndandanda wa QVL. Ikapezekapo ndi bwino, koma mndandanda umenewo ndi wa RAM zimene kampani inayesa, ndipo zambiri zimene palibepo zimagwira bwinobwino. Mndandanda wa mapurosesa uja ndiwo wosakambirana. Dziwaninso kuti AM5 ikamayaka koyamba imatha kukhala mphindi zingapo sikirini ili yakuda, ikuyesa RAM. Dikirani, musazule chingwe.

Za mitengo, kawirikawiri motherboard ya H610 kapena B450 imatchipa kuposa ya B550, B760 kapena B650, koma musaiwale kuwerengera zonyamulira ndi msonkho. Mtengo wa RAM sukhazikika, funsani sabata imene mukugulayo. Kuwonjezera ndalama pang'ono kuti mupeze motherboard ya kabatani kosinthira BIOS n'kwanzeru kuposa kuthamangira yotchipitsitsa. Musanatumize ndalama, khalani ndi pepala lolembapo dzina lonse la purosesa, dzina lonse la motherboard, nambala ya BIOS yofunika, nambala ya BIOS imene ilimo, ndi mtundu wa RAM. Pakasoweka chimodzi mwa zisanuzi, ndalama zanu zikhale kaye m'thumba.