Tchuthi cha Disembala ku Ng'ombe: mwana awerenge buku liti?

Sukulu zikamatseka mu Disembala mvula imakhala itayamba kale. Njira za m'komboni ya Ng'ombe mu Lusaka zimasanduka matope, bwalo la mpira limadzaza madzi, ndipo achinyamata amangounjikana pakhonde kudikira kuti ikate. Amene angolemba mayeso a Giredi 12 ndiye alibiretu chochita. Nkhani ya mabuku ikayambika, makolo amafunsa mafunso ngati awa.

Mwana wanga sanamalizepo buku la nkhani yopeka n'limodzi lomwe. Ayambire pati?

Ayambire pa A Cowrie of Hope la Binwell Sinyangwe, lomwe linatuluka mu 2000. N'lopyapyala ndipo Chingerezi chake sichipweteka mutu. Nasula ndi mayi wamasiye wa kumudzi, kumpoto kwa dziko lino, amene abale a mwamuna wake anamulanda katundu maliro atangotha. Akufuna kuti mwana wake Sula apitirize sekondale, koma chuma chonse chimene watsala nacho ndi thumba limodzi la nyemba. Abwera nalo ku Lusaka, ndipo pamsika munthu wovala bwino, wa pakamwa pokoma, amuchenjerera n'kuthawa nalo osalipira. Mwana amene amayi ake amalawirira ku Soweto Market kukaoda tomato safunika womufotokozera kulemera kwa thumba limenelo. Adzafuna kudziwa ngati wakubayo anapezeka, ndipo ine sindiulula.

Bwanji mukuumirira mabuku a kuno pamene anzake akukamba za Harry Potter ndi The Hunger Games?

Amenewo awerenge, sindikuletsa. Koma wowerenga watsopano amalimbana ndi zinthu ziwiri nthawi imodzi: Chingerezi, ndi dziko limene sanaliwonepo. Mukamuchotsera chimodzi, chinacho amachigonjetsa. N'chifukwa chake ndimati buku loyamba likhale la misewu imene iye amaidziwa.

Tengani Patchwork la Ellen Banda-Aaku, limene linapambana Penguin Prize for African Writing mu 2010. Nkhani imayamba mu 1978 m'mafulati a mu Lusaka. Pumpkin ali ndi zaka 9, amayi ake ndi chidakwa, ndipo bambo ake, munthu wachuma, ali ndi mkazi wawo kufamu kunja kwa tauni. Kamtsikanaka si kangelo ayi. Kamanama bodza mosaphethira, kamabisa manyazi a amayi ake, kenako katengedwa kukakhala m'nyumba ya mkazi amene sakufuna n'kukawona komwe. M'komboni muno ana obadwira kunja kwa ukwati alipo ambiri, ndipo kawirikawiri nkhani yawo imakambidwa ndi akulu okhaokha, monong'ona. M'bukuli akukamba ndi mwanayo. Kwa azaka 11 kapena 12, wolemba yemweyu ali ndi Wandi's Little Voice, lomwe linalandira mphoto ya Macmillan mu 2004.

Ndamva kuti The Mourning Bird n'lolemera. Ndimupatse?

Ngati wafika zaka 16, mpatseni, koma muyambe mwaliwerenga inuyo. Mubanga Kalimamukwento analitulutsa mu 2019. Chimuka ndi mlongo wake Ali amataya makolo m'zaka za m'ma 1990, Edzi ili pachimake, ndipo amathera m'misewu ya mu Lusaka. Muli njala, nkhanza ndi kugwiriridwa, ndipo wolembayo sanapake shuga. Makolo ena amaopa kuti buku lotere limuwononga mwana. Ine ndimati mwana wa ku Ng'ombe amene amakwera minibasi kupita m'tauni anawaona kale ana ogona m'makatoni, ndipo bukuli limangomuuza kuti ana amenewo ali ndi mayina komanso kumene anachokera.

Mnyamata wanga amangomasula mawailesi ndi mafoni akufa. Akuti mabuku ndi a atsikana.

The Boy Who Harnessed the Wind la William Kamkwamba ndi Bryan Mealer limuyenera. Si nkhani yopeka, komabe ndaliika pano dala. Kamkwamba, wa ku Wimbe m'boma la Kasungu ku Malawi, anasiya sekondale pa njala ya 2001 ndi 2002 chifukwa chosowa fizi. Ali ndi zaka 14 anapeza buku la sayansi m'kalaibulale ka kwawo, natola njinga yakufa, dayinamo, fani ya thirakitala ndi mitengo ya bulugamu, n'kumanga makina amphepo oyatsa babu m'nyumba mwawo. Pali buku lofupikitsidwa la owerenga achichepere la mu 2015, ndiponso filimu ya mu 2019 imene mbali yaikulu amalankhula Chichewa. Buku liyambe, filimu ibwere pambuyo ngati mphoto. Akamaliza, mpatseni Quills of Desire la Sinyangwe, nkhani ya Wiza, mnyamata wanzeru m'kalasi koma wa mtima wapachala.

Nanga mabuku amatsenga? Kutchalitchi sangatinene?

Nthano za agogo zinali ndi mbalame zolankhula ndi ziphona, ndipo palibe amene anasanduka mfiti pozimvera. Akata Witch la Nnedi Okorafor, la mu 2011, likukamba za Sunny, mtsikana wachialubino wa zaka 12 wokhala ku Nigeria, wokonda mpira koma dzuwa limamuwotcha khungu. Amene anaonera filimu ya kuno ya Can You See Us?, yochokera pa moyo wa woimba John Chiti, adzamva msanga ululu wa Sunny. Ngati m'nyumba mwanu zotere simuzilola, lisiyeni, mabuku ena alipo.

Kodi a m'chilankhulo chathu kulibe?

Alipo, ngakhale kuwapeza ndi ntchito. Sikusinja ndi Gwenembe la John Gwengwe ndi Njala Bwana la Willie Zingani ndi ochokera ku Malawi, Zomfula Mkazi Wacimaso-maso la Jacob Zulu ndi lakuno. Nkhani zimene Julius Chongo ankakamba pawailesi mu pulogalamu ya Poceza m'Madzulo zinasonkhanitsidwa m'buku ndi Ernst Wendland. Funsani aphunzitsi a Chinyanja kusukulu, kapena agogo amene amasunga mabuku m'sutikesi pansi pa bedi. Mwana wokulira mu Lusaka adzakhumudwa pa mawu ena akale. Awerenge mokweza madzulo agogo ali pomwepo, adzamuwongolera, ndipo mwina n'kuwonjezapo nthano yawoyawo.

Ndalama ya buku ndilibe. Tiwapeza kuti?

Ku Garden, komboni yosatalikira kwambiri ndi Ng'ombe, kuli laibulale ya Lubuto ya Ngwerere, yomwe inatsegulidwa mu 2010 ndipo inamangidwira ana ndi achinyamata. Kulowa salipiritsa. M'tauni muli Lusaka City Library pa Katondo Street. Atsopano amapezeka ku Bookworld ku Manda Hill, koma mtengo wake umapikisana ndi thumba la ufa, ndiye pitaninso kwa ogulitsa mabuku akale oyala pansi m'mbali mwa misewu ya m'tauni. Kumeneko mukapeza timabuku ta Pacesetters, timene makolo ambiri ankabisa mkati mwa buku la masamu, gulani osanenerera kwambiri. Njira ina ndi ya chilimba: ana anayi, aliyense agule limodzi, azisinthana Loweruka lililonse. Likutireni pulasitiki, chifukwa ino ndi nyengo ya madenga odontha.

Kuwerenga pafoni n'kuwerenganso?

Inde. Vuto lake ndi mabandulo, batire malaiti akapita, ndi TikTok imene ili pafupi kwambiri ndi chala.

Akamaliza ndimufunse mafunso kuti nditsimikize kuti wawerengadi?

Ayi, mukatero mwalisandutsa homuweki. Mufunseni kuti ndani wamukwiyitsa m'bukumo. Ngati wawerenga, simudzamuletsa kulankhula.

Wanga ndi katswiri kale, zonsezi anamaliza. Chatsala n'chiyani?

The Old Drift la Namwali Serpell, la mu 2019, lomwe linapambana Arthur C. Clarke Award mu 2020. Masamba ake amapitirira 500, ndipo muli zachikulu, choncho ndi la amene watsiriza Giredi 12. Limatsata mabanja atatu kuchokera ku mathithi a Mosi-oa-Tunya m'masiku a atsamunda mpaka Lusaka ya m'tsogolo. Muli Edward Mukuka Nkoloso, munthu weniweni amene mu 1964 ankakonzekeretsa achinyamata ulendo wa kumwezi powagubuduza m'migolo pa chitunda, pamodzi ndi wophunzira wake Matha Mwamba. Mbali ina ya nkhaniyi imachitikira ku Kalingalinga, kuseri kwa yunivesite ya UNZA, ndipo wochokera ku Ng'ombe akhoza kupitako wapansi kukaona ngati wolembayo ananena zoona.