Malangizo: Madzi a pa Mjigo ndi Mafupa Anu

Ngati ana ambiri m'mudzi mwanu ali ndi mano a mawanga ofiirira, musafulumire kuwakalipira kuti satsuka m'kamwa. Mwina vuto ndi madzi. Ku Nathenje ndi ku Machinga, mijigo ina imatulutsa madzi okhala ndi fluoride wambiri wochokera m'miyala ya pansi. Bungwe la WHO limati asapitirire mamiligalamu 1.5 pa lita. Wochepa amateteza mano, koma wochuluka, mukamwa zaka zambiri, amaunjikana m'mafupa: msana kuuma, mawondo kuphwanya, ena mpaka miyendo kupindika. Choipa chake, madziwo amaoneka oyera bwinobwino.

Kuwiritsa madzi sikuchotsa fluoride, ngakhalenso klorini, poti iyeyo ndi wa majeremusi. Pemphani alangizi a zaumoyo kuti mjigowo uyezedwe. Podikira, ana azimwa madzi a mvula okololedwa mwaukhondo ndi kuwiritsidwa.