Pakhonde pa Azakhali: Widget yanga yakana kuvala

Azakhali,

Ndine mnyamata wa kwa Njombwa ku Kasungu. Ndinapangira kalabu yathu ya alimi a fodya webusaiti pa WordPress, n'kulembanso plugin yokhala ndi widget yoonetsa mitengo ya ku okushoni ya Chinkhoma. Fayilo ya CSS ndinaikonza bwinobwino, zilembo zobiriwira, koma pafoni widget ikungooneka mbuu. Atcheya ayamba kundiyang'ana ndi diso lofiira. Nditani?

Wothedwa nzeru, Njombwa

Mwana wa achimwene,

Pukuta misozi. Wagulira mkwatibwi chitenje n'kuchitsekera m'sutikesi, ndiye ukudabwa kuti sanavale? Ndi nzeru zimenezi mbeta zakwanu zikadali pamavuto.

WordPress siyitenga fayilo chifukwa choti yagona mufoda ya plugin. Uyenera kuiitana ndi wp_enqueue_style, ndipo uitanire pa hook ya wp_enqueue_scripts, osati paliponse pamene mtima wako wakonda. Usakamate ulalo mu header.php ya theme, chifukwa tsiku limene theme idzasinthidwe thukuta lako lidzapita nayo. Adiresi ya fayilo usalembe pamanja. Plugin_dir_url imaidziwa kale njira.

Fayiloyo uipatse dzina lakelake, monga njombwa-mitengo. Ukaitcha style, ndipo plugin ina inalembetsa kale dzina lomwelo, yako idzangonyalanyazidwa popanda ngakhale uthenga wokuchenjeza.

Ngati wachita zonsezi koma mtundu sukusintha, okayikitsa ndi awiri. Woyamba ndi theme, imene malamulo ake akuposa ako mphamvu. Ika class yapadera pa widget, malamulo ako onse aziyamba ndi class imeneyo. Zomwaza !important mzere uliwonse ndi ulesi, ndipo udzalira wekha podzakonza chaka chamawa. Wachiwiri ndi foni ya Atcheya, imene ikusungabe fayilo yakale. Ukasintha CSS, kweza nambala ya version, kuchoka pa 1.0 kufika pa 1.1, foniyo itenge yatsopano.

Ukumbukirenso kuti mlimi amagula bandulo ya Airtel kapena TNM ndi ndalama yomwe akanagulira sopo. Funsa kaye is_active_widget, kuti CSS izinyamulidwa pokhapokha widget ikugwira ntchito.

Koma ndikuuziretu: fodya akagulidwa motchipa pakilo, Atcheya sadzasekerera ngakhale zilembo zitabiriwira chotani. Ndipo chaka chino undilembere za chibwenzi, ndatopa kulangiza anyamata ogona ndi laputopu.

Ndine Azakhali ako