Kodi Lamulo Likati "Kuchiza" Limatanthauzanji?

Anzanga, m'Chichewa mau oti mankhwala amasenza zambiri: Panado, mizu ya sing'anga, ngakhale ufa wophera anankafumbwe m'chimanga. Lamulo silingayende chotero. Liyenera kulemba malire, kuti boma lidziwe zinthu zoti liziyang'anira zisanafike m'manja mwa odwala.

Titenge chitsanzo cha dziko la Australia. Lamulo lao la 1989, lotchedwa Therapeutic Goods Act, lidayamba kugwira ntchito mu 1991. M'menemo muli mau a Chingerezi oti therapeutic use, ndiye kuti ntchito yochiza. Ntchitoyi ndi monga kupewa, kuyeza, kuchiza kapena kuchepetsa matenda ndi mabala, kusintha m'mene thupi limagwirira ntchito, ndiponso kuika chiwalo chochita kupanga m'malo mwa choonongeka. Lamuloli siliyang'ana za m'botolo zokha ai, limamveranso zimene wogulitsa akunena. Sopo wosambira ndi sopo basi. Koma wina akalemba papaketi kuti sopoyo amachiza mphere, wadziika yekha m'manja mwa bungwe la Therapeutic Goods Administration, ndipo ayenera kukhala ndi umboni.

Tsono apa ife a m'seminale titchere khutu. Pa mndandanda womwewo palinso kuyeza mimba ndi kulera. Kodi mimba ndi matenda? Iai. Kulembedwa pamenepo kutanthauza kuti zipangizo zoterezi zili pansi pa diso la boma, kuti zisapweteke anthu. Za chabwino ndi choipa pamaso pa Mulungu lamulolo silikambapo.

Eklezia nayenso amalankhula za kuchiza, koma amafunsa funso lina: cholinga nchiyani? Mu 1968 Apapa Paul VI adalemba kalata ya Humanae Vitae, imene imakana njira zochita kupanga zoletsa kubereka. Komabe ndime 15 ya kalatayo imalola chithandizo chofunika pochiza matenda a m'thupi, ngakhale zitadziwikiratu kuti chilepheretsa kubereka, malinga kulepheretsako kusakhale cholinga. Ambiri ndime imeneyi amaidumpha, ndipo nzachisoni.

Taganizani, tsiku lina muli pa parishi, kwabwera mai amene dokotala wawauza kuti awachotsa chiberekero chifukwa cha khansa. Akunjenjemera, akufunsa kuti, "Bambo Mfumu, kodi ndikavomera ndichimwa?" Opareshoniyo cholinga chake nkuchotsa nthenda, choncho ndime 15 ikuwalola maiwo kupita kuchipatala ndi mtima wokhazikika.