Malangizo: Buledi Wonunkhira Nthawi ya Chiperoni

Lero tiphike buledi wa yisiti woti muzimwera tiyi mukaweruka kumunda.

Pa kilogalamu imodzi ya fulawa, thirani kapaketi ka yisiti ka magalamu 10, matiyisupuni awiri a mchere, masupuni awiri a shuga, atatu a mafuta ophikira, ndi madzi ofunda okwana mamililita 600. Madziwo muwayese ndi chala, chifukwa akakuwotchani aphanso yisiti. Kandani kwa mphindi 10 mpaka fulawayo asiye kumata m'manja.

Vuto lathu kuno ku Thyolo ndi kuzizira. Chiperoni chikagwa mu June ndi July, fulawa amachedwa kufufuma. Ambiri amataya mtima n'kuphika msanga, buledi n'kutuluka wolimba ngati njerwa. Chonde fundikani beseni ndi nsalu yoyera, muliike chapafupi ndi mbaula, mudikire mpaka zokandazo zikule kuwirikiza kawiri.

Adyo ndi sinamoni zikachuluka zimafooketsa yisiti, choncho musazithire poyamba. Zikafufuma, tambasulani pathebulo, pakani adyo wosinja wokazinga pang'ono, kapena jinja ndi sinamoni ngati mukufuna wotsekemera, kenako kulungani. Adyo ndi jinja mukazipeza pamsika wa Bvumbwe.

Ikani mupoto wopaka mafuta, afufumenso theka la ola. Makala ochepa pansi, ambiri pachivundikiro, kwa mphindi 35 mpaka 40. Bayani ndi mpeni pakati: ukatuluka wouma, wapsa. Muyembekeze azizire musanadule.