Funsani Adokotala: M'mimba Mosamva Mankhwala

Muulutsi: Makalata a lero achokera kumunsi kwa mapiri a Dedza. Mayi wina wa ku Golomoti akuti: "Yatha miyezi isanu ndikutsekula m'mimba, nthawi zina chimbudzi chamagazi ndi zonanda. M'mimba mumapotokola, usiku ndimadzuka katatu, zovala zonse zandikulira. Flagyl ndamwa mpaka kutopa naye. Anzanga akuti ndinadyetsedwa. Nditani?"

Dokotala: Pepani kwambiri mayi, mwavutika. Kamwazi wamba satha miyezi isanu. Kutsekula kukapitirira milungu inayi, kogula mapiritsi pagolosale kwatha, kwatsala n'kuyezetsa. Ndikanakhala nanu pafupi, ndikanayamba ndi kukufunsani za madzi. Kodi mumalima mpunga kusikimu ya Bwanje? Mumachapa kumtsinje kapena kunyanja? Likodzo lili pawiri. Lina ndi lija lokodzetsa magazi, lina limaikira mazira m'mitsempha ya m'matumbo, munthu n'kumachita chimbudzi chamagazi. Flagyl salikhudza n'komwe, mankhwala ake ndi praziquantel.

Nyamulani buku lanu lakuchipatala mupite ku Mua kapena kuchipatala chachikulu cha Dedza. Akapime chimbudzi, ndipo akapanda kupeza kanthu, mukaperekenso tsiku lina, chifukwa mazira a likodzo ndi tizilombo ta amiba sizioneka nthawi zonse. Akapimenso kuchuluka kwa magazi, HIV ndi TB, poti TB imagwiranso matumbo. Za kudyetsedwazo ndazimva, mayi, koma musalole kuti miyezi ina ithere pamenepo thupi likunka lifooka.

Muulutsi: Bambo wina wa ku Mtakataka akuti: "Mwana wanga wa zaka 19 anapimidwa zonsezo, sanam'peze kanthu, koma magazi sakusiya. Achipatala atchula za Crohn. Kodi amenewa si matenda a azungu?"

Dokotala: Ayi bambo, matendawa sasankha khungu. Kwathu kuno sitikumana nawo kawirikawiri, komanso amabisala kumbuyo kwa kamwazi ndi TB. Matenda a m'matumbo oterewa alipo amitundu iwiri. Ulcerative colitis imachititsa zilonda m'matumbo aakulu mokha. Crohn, amene anatenga dzina la Burrill Crohn, dokotala wa ku New York yemwe anawafotokoza ndi anzake mu 1932, amatha kugwira paliponse kuyambira m'kamwa mpaka kotulukira chimbudzi. Chimachitika n'chakuti chitetezo cha m'thupi chimaukira matumbo a mwini wake. Sapatsirana, ndipo amakonda kuyamba munthu akali wachinyamata ngati mwana wanuyo. Amati akazizira n'kudzayambiranso. Ena mfundo zimawawa, maso kufiira, m'kamwa kutuluka zilonda.

Kuti atsimikize, ayenera kuona m'kati. Pemphani kalata yopitira ku Kamuzu Central ku Lilongwe. Kumeneko amalowetsa kapaipi kofewa ka kamera kudzera kotulukira chimbudzi, n'kutapa kanyama kochepa kokapima. Kanyama kameneko ndiko kamathandiza kusiyanitsa Crohn, TB ndi khansa. Ulendowo ndi wodya ndalama, ndikudziwa, koma kulingalira chabe n'koopsa. Prednisolone, amene amaziziritsa Crohn, amatha kukolezera TB. Choncho musam'gulire nokha. Brufen ndi diclofenac azipewenso, amaputa zilonda. Matendawa satheratu, koma ndi mankhwala oyenera mwanayo atha kuphunzira, kulima ndi kumanga banja.

Muulutsi: Mawu otsiriza, adokotala?

Dokotala: Podikira zotsatira, imwani Thanzi ORS, idyani pang'onopang'ono koma pafupipafupi, ndipo lembani m'kope kuti mwapita kuchimbudzi kangati komanso ngati munali magazi. Magazi akachuluka, thupi likatentha, mimba ikatupa n'kulimba kapena mukamva chizungulire, thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo. Abale anga a ku Mua, Golomoti ndi Mtakataka, nkhani ya chimbudzi musachite nayo manyazi pamaso pa dokotala. Nenani zonse, ndipo mukapanda kuchira, bwereraninso.