Nyimbo za Barry White n'za mtundu wanji?

Funso: Bambo anga anabwera ndi kaseti ya Barry White kuchokera ku Joni. Iwo amati ndi soul, koma ine ndikamva mavayolini ndi ng'oma zija miyendo imangofuna kuvina. Kodi si disiko imeneyi?
Wowerenga wa ku Nsambe, Neno

Yankho: Nonse awiri mukulondola, achimwene. Mawu a besi aja, olankhula ngati akunong'oneza wokondedwa wake, ndiwo soul imene bambo akumva. Chimene chikukudzutsani inu pampando ndi ng'oma yogunda mosadukiza pamodzi ndi gitala ya besi.

Mavayoliniwo ndiye chizindikiro chake. Mu 1973 White anakhazikitsa gulu la Love Unlimited Orchestra, la oimba zida pafupifupi 40, ndipo Gene Page ndiye ankamuthandiza kuyala zidazo. Nyimbo yawo ya "Love's Theme", yopanda mawu n'komwe, inafika pa nambala wani ku America mu 1974, disiko isanafalikire kwenikweni. Ine ndimaikonda chifukwa mavayolini amayenda mwaulemu pamwamba pomwe ng'oma ikukankha pansi.

White anamwalira mu 2003. Kasetiyo isungeni bwino, isanyowe ndi chinyezi cha kumapiri kwanuko.